Zimene timakambirana pa mpanda wa dimba m'nyengo yachisanu

Dimba limene ndimalima lili m'mphepete mwa mzinda wa Leeds, kumpoto kwa England, ndipo ndi limodzi mwa timinda timene khonsolo imabwereketsa kwa anthu pa lendi ya pachaka, timene anthu a kuno amatitchula kuti ma allotment. Mwambo wa timinda timeneti ndi wakale, moti lamulo la mu 1908 linapatsa makhonsolo udindo wopezera malo oterewa anthu amene akuwafuna, ndipo munda wathunthu umakhala pafupifupi masikweya mita 250, ngakhale kuti masiku ano ambiri timalandira theka lokha chifukwa mndandanda wa anthu odikira ndi wautali. M'miyezi ya Juni ndi Julayi pamalopo pamakhala piringupiringu, wina akuthirira, wina akukankha wilibala, wina akugawira anzake nyemba zimene zamuchulukira. Koma ikafika Januwale ngati uno timatsala anthu owerengeka, ndipo Loweruka lapitali tinalipo atatu okha: ineyo, bambo ena achikulire amene munda wawo wagundana ndi wanga, ndi mayi wina amene amalima chakumtunda pafupi ndi chipata. Palibe amene anagwira ntchito yoposa theka la ola, koma tinaima pamenepo mpaka zala zitachita dzanzi, tikukambirana nkhani imodzi yokha, ya nyengo.

Nditangofika kumene m'dziko lino, macheza a zanyengo ndinkawaona ngati mawu ongotayitsa nthawi. Munthu amene simudziwana naye, mutaima limodzi podikira basi, amangoyamba kukuuzani kuti lero kwazizira, ngati kuti inuyo simukumva kuzizirako, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndizindikire kuti munthuyo akungokupatsani moni. Moni wakeyo ali ndi malamulo ake. Akanena kuti kwazizira, inu muyenera kuvomereza, ndipo ngati muli ndi maganizo ena, muyambe mwavomera kaye kenako n'kuwonjezera kuti komabe dzulo kunanyanya. Tsiku lina ndinayankha mayi wina kuti ineyo sindikuona kuti kwazizira kwenikweni, ndipo anangoti duu n'kuyang'ana kumbali, ngati munthu amene wapereka dzanja koma mnzakeyo osalilandira. Kuyambira tsiku limenelo ndimavomera.

Ku dimba mawu omwewo amakhala ndi katundu wina. Bambo achikulire aja akanena kuti mphepo yatembenukira kum'mawa, amakhala akundichenjeza kuti ndifunditse mbewu zanga dzuwa lisanalowe, ndipo akanena kuti mvula ya sabata ino yakwanira, amakhala akundiletsa kuponda pa mabedi. Zaka ziwiri zoyambirira ndinkangovomera monga ndinkachitira podikira basi, osadziwa kuti ndikupatsidwa malangizo aulere amene sindikanawapeza pa paketi ya mbewu. Sanandiuzepo mwachindunji kuti chitani chakutichakuti, chifukwa anthu a kuno amaona kuti kulangiza munthu amene sanakufunseni n'kulowerera za eni, choncho nzeru yonse amaikulunga m'nkhani ya mitambo ndi mphepo, ndipo amene ali ndi khutu amatolapo yekha.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene nyengo ya kuno imakambidwira chonchi, ayenera kuyang'ana pamene zilumba za Britain zili pa mapu. Mzinda wa Leeds uli chakumpoto mofanana ndi mzinda wa Edmonton wa ku Canada, kumene kuzizira kumafika madigiri 20 pansi pa ziro kawirikawiri, koma kuno masana a mu Januwale nthawi zambiri amakhala pa madigiri 6 kapena 7 pamwamba pa ziro. Kusiyanaku kumabwera chifukwa cha nyanja ya Atlantic, imene madzi ake ofunda amayenda kuchokera kufupi ndi Mexico kulowera kuno, komanso chifukwa chakuti mphepo imene imaomba masiku ambiri imachokera kum'mwera chakumadzulo, itadutsa pamwamba pa madzi amenewo n'kutenga kufunda ndi chinyezi. N'chifukwa chake ku Inverewe, kumpoto chakumadzulo kwa Scotland, kuli dimba lotchuka limene muli zomera za m'mayiko ofunda, ndipo pa chilumba cha Tresco, kufupi ndi Cornwall, maluwa amaphuka ngakhale pa tsiku la chaka chatsopano. Koma mphepo ikangotembenuka n'kuyamba kuchokera kumpoto kapena kum'mawa, kudutsa pamwamba pa mayiko ozizira a ku Ulaya, chitetezo chonsecho chimatha m'tsiku limodzi. Munthu akhoza kugona kukugwa mvula yofunda n'kudzuka madzi a m'ndowa ataundana. Mvula nayo sigawidwa mofanana: ku Seathwaite, m'mapiri a Lake District, kumagwa mvula yoposa mamilimita 3,000 pachaka, pamene ku London kumagwa pafupifupi mamilimita 600 okha. Ife a ku Leeds tili kum'mawa kwa mapiri a Pennines, amene amatsitsa mvula yambiri kumbali ya Manchester, ndipo anthu a kuno satopa kukumbutsa anzawo a tsidya linalo za mwayi umenewu.

Chimene chimandivuta kwambiri kuposa kuzizira ndi mdima. Mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo pofika pa 21 Disembala dzuwa limatuluka itadutsa 8 koloko m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko madzulo, komanso masiku ambiri silioneka n'komwe chifukwa cha mitambo yotuwa imene imangoti bii kuyambira m'mawa. Munthu wogwira ntchito masana amapita kuli mdima n'kubwera kuli mdima, kotero kuti dimba amaliona Loweruka ndi Lamlungu basi. Zomera nazo zimaima. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 5 kapena 6, ngakhale udzu umasiya kukula, ndipo kabichi amene ndinamusiya mu Novembala ndimamupeza mu Januwale ali chimodzimodzi, kupatula pamene nkhunda zadya.

Phunziro loyamba limene ndinatola pa mpanda linali la chisanu cha usiku. Madzulo ena a mu Novembala kunja kunayera bwino, mitambo yonse itachoka, mphepo itatha, ndipo ine ndinanena mosangalala kuti kwacha bwino lero. Bambo aja anavomera monga mwa mwambo, kenako anayang'ana kumwamba n'kuwonjezera kuti nyenyezi zioneka zambiri usiku uno, ndipo atatero anapita kukatenga nsalu yopyapyala yoyera ija imene amaitcha fleece n'kuyamba kufunditsa letesi wawo. Ine ndinapita kunyumba. M'mawa mwake ndinapeza masamba a mbewu zanga zanthete atada ngati awauka ndi moto. Mitambo imagwira ntchito ngati bulangete, ndipo ikachoka kutentha kumene dothi lasunga masana kumathawira kumwamba, kotero kuti usiku woyera ndi wabata ndi umene umabweretsa chisanu choopsa. Ndinaphunziranso kuti madigiri amene a Met Office, bungwe loona zanyengo m'dziko lino, amalengeza amayezedwa pamalo okwera kupitirira mita imodzi kuchokera pansi, choncho akanena kuti usiku kukhala madigiri 3, pa dothi penipeni pamene pali mbewu pakhoza kufika pansi pa ziro. Kuwonjezera apo, mpweya wozizira ndi wolemera ndipo umatsetsereka ngati madzi n'kukasonkhana kumunsi. Munda wanga uli kumunsi kwenikweni, pafupi ndi mpanda wa mitengo umene umatsekereza mpweyawo, ndipo pali m'mawa wina pamene udzu wa kwa ine umakhala mbuu ndi chisanu pamene wa mayi wa kumtunda uja uli wobiriwira. Pakati pa minda yathuyi pali mapazi osakwana 100.

Phunziro lachiwiri linandidya ndalama. Mu Disembala 2022, patadutsa miyezi ya Okutobala ndi Novembala imene inali yofunda ndi yamvula, kunagwa kuzizira kumene kunakhala kwa masiku oposa sabata, ndipo kunapeza zomera zisanakonzeke, zili ndi madzi ambiri m'mitsempha. Chaka chimenecho ndinasiya mizu ya maluwa a dahlia m'dothi, chifukwa ndinali nditamva kuti anthu ambiri masiku ano saikumbanso. Zimenezi n'zoona kwa amene ali ndi dothi lamchenga kum'mwera kwa England, koma langa ndi lamakande, lolemera, limene limasunga madzi ngati mtsuko. Nditakumba mu Epulo ndinapeza phala lonunkha m'malo mwa mizu. Miphika itatu yadothi imene ndinaisiya panja inang'ambika, popeza madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo mphika umene wamwa mvula sungapirire. Ngakhale chitsamba cha rosemary, chimene ndinkachiyesa cholimba, chinauma. Bambo aja ataona zimenezi ananena mawu amene ndakhala ndikuwaona akukwaniritsidwa chaka ndi chaka, akuti m'dziko lino mbewu zambiri sizifa ndi kuzizira kokha, zimafa chifukwa chozizidwa mizu ili m'madzi. Chomera chimene chingapirire madigiri 10 pansi pa ziro pa dothi louma chikhoza kuwola pa madigiri 2 okha ngati chakhala m'matope kwa miyezi itatu. Bungwe la zamadimba la Royal Horticultural Society, limene linayamba mu 1804, lili ndi muyezo wa kulimba kwa zomera pa kuzizira kuyambira H1 mpaka H7, ndipo ndimauwerenga ndisanagule chomera, koma muyezowo umangonena za madigiri, sudziwa kuti munda wanga uli kumunsi pa dothi lamakande. Tsopano mizu ya dahlia ndimaikumba chisanu choyamba chikangodetsa masamba, ndimaiumitsa, n'kuisunga m'makatoni m'shedi, ndipo miphika ndimaikhazika pa njerwa kuti madzi azituluka pansi.

Nkhani ya dothi lonyowa ndi imene imabweretsa mkangano wokhawo umene ndauona pa malo athu, ndipo ngakhale umenewo umachitika mwaulemu, kudzera m'nkhani ya nyengo. Bambo achikulire aja anakula ndi chizolowezi chogaula munda wonse ndi fosholo mu Novembala, n'kusiya zibuluma zikuluzikulu kuti chisanu chiziphwanye, ndipo n'zoona kuti madzi akaundana ndi kusungunuka mobwerezabwereza m'kati mwa chibuluma cha makande, pofika Malichi chimakhala chitafumbutuka chokha. Mayi wa kumtunda uja sagaula n'komwe. Amatsatira njira imene mlimi wa ku Somerset, Charles Dowding, waitchukitsa, yongothira kompositi pamwamba pa bedi n'kusiyira nyongolotsi ntchito yomulowetsa pansi. Choncho nyengo yachisanu ikakhala yofunda ndi yamvula, mayiyo amanena modekha kuti chaka chino chisanu sichikwanira kuphwanya zibuluma, ndipo kukazizira kwambiri bambowo amanena kuti dothi losagaula likhala lozizira mpaka Meyi. Ine ndatsamira kumbali ya mayiyo, mwina chifukwa cha msana wanga, koma makamaka chifukwa zaka zambiri tsopano chisanu chophwanya zibuluma sichibwera mokwanira, ndipo chimene chimabwera ndi mvumbi umene umamenya dothi logaula mpaka kulisandutsa matope. Pa mfundo imodzi onse awiri amagwirizana, yakuti dothi lamakande likanyowa usalipondepo. Phazi limodzi limafinya mpweya wonse n'kusiya chidindo cholimba chimene mizu imalephera kuboola m'chilimwe. Ndikafuna kukazula leek, mbewu ya m'gulu la anyezi, pakati pa bedi ndimayala thabwa n'kuyenda pamwamba pake.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti alimi a kuno amadandaulanso kukapanda kuzizira. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi chizolowezi chawo chodandaula chilichonse, koma pali zifukwa zomveka. Adyo timamubzala mu Okutobala kapena Novembala chifukwa amafuna mwezi umodzi kapena iwiri ya kuzizira kuti mutu wake ugawikane n'kukhala ndi mano, apo ayi umangotuluka umodzi wozungulira ngati anyezi. Mizu yoyera ija ya parsnip, komanso timakabichi ting'onoting'ono ta Brussels sprouts timene sitisowa pa chakudya cha Khirisimasi, zimatsekemera chisanu chikazigunda, chifukwa chomera chimasandutsa ufa wa m'kati mwake kukhala shuga podziteteza kuti madzi ake asaundane. Mitengo ya maapozi imafuna maola ambiri a kuzizira kuti idzachite maluwa bwino komanso nthawi imodzi. Ndiye pali nkhono zopanda chigoba zija, mdani wamkulu wa dimba lililonse la m'dziko lino, zimene nyengo yachisanu ikakhala yofunda sizipuma, zimangodya ndi kuswana, kotero kuti pofika Epulo mbande iliyonse imene mwawokera imatha usiku umodzi. Munthu akanena pa mpanda kuti tikufunika sabata imodzi ya chisanu chenicheni, amakhala akuganiza za nkhonozo.

Palibe mbewu imene imaonetsa ubwino wa chisanu ngati rhubarb, ndipo mwamwayi ndimakhala pafupi ndi kwawo kwake. Pakati pa matauni a Wakefield, Morley ndi Rothwell pali kachigawo kamene kamadziwika ndi dzina lakuti Rhubarb Triangle. Chomerachi chinachokera kumadera ozizira a ku Asia, ndipo chimene chimadyedwa ndi mapesi ake ofiira, owawasa, amene amaphikidwa ndi shuga. Alimi a m'derali amasiya mizu yake panja kwa zaka ziwiri osakolola kanthu, kuti isunge mphamvu, kenako amadikira kuti chisanu chiigunde mokwanira, ndipo akatero amaikumba n'kuilowetsa m'mashedi aatali, ofunda, amene mulibe kuwala ngakhale pang'ono. Muzuwo, poyesa kuti nyengo yachisanu yatha, umatulutsa mapesi mofulumira kufunafuna dzuwa limene kulibe, ndipo mapesiwo amatuluka ofewa, apinki, otsekemera kuposa a panja. Amawathyola ndi manja powunikira ndi makandulo kuti kuwala kwambiri kusaasinthe. Ulimi umenewu unakula m'derali chifukwa malasha otenthetsera mashedi anali pafupi ndipo zinyalala za ubweya zochokera m'mafakitale a nsalu zinkagwira ntchito ngati manyowa, moti kale kunkanyamuka sitima yapadera usiku kupititsa rhubarb ku misika ya ku London. Mu 2010 dzina la rhubarb ameneyu linatetezedwa ndi lamulo kuti wa kwina asamagulitsidwe ndi dzinalo. Ngati Novembala ndi Disembala zafunda, alimi amenewa amachedwa kulowetsa mizu, chifukwa muzu umene sunazizidwe mokwanira sudzuka bwino m'shedi. Ine ndilibe shedi yotero, koma mu Januwale ndimavundikira tsinde limodzi ndi ndowa yakuda n'kuikapo njerwa, ndipo patatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu ndimapeza mapesi okwanira mbale ziwiri. Tsinde lovundikiridwalo limatopa kwambiri, choncho chaka chotsatira ndimalipumitsa n'kuvundikira lina.

Za mphepo yamkuntho sindinena zambiri, chifukwa mlimi alibe chochita nayo kupatula kumanga zinthu. Kuyambira mu 2015 a Met Office, mogwirizana ndi anzawo a ku Ireland, anayamba kupatsa anamondwe mayina a anthu, woyamba anali Abigail, ndipo zimenezi zasintha macheza athu, chifukwa tsopano timakamba za namondwe ngati mlendo wovuta amene anatiyendera. Arwen, wa kumapeto kwa Novembala 2021, anachokera kumpoto, mbali imene mitengo siinazolowere kukankhidwa, ndipo anagwetsa nkhalango zambiri ku Scotland ndi kumpoto chakum'mawa kwa England. Eunice, wa pa 18 Febuluwale 2022, anafika pa liwiro la mamailosi 122 pa ola pa chilumba cha Isle of Wight, kum'mwera kwa England. Namondwe aliyense akadutsa, m'mawa mwake pamalo athu pamakhala ntchito yobwezerana katundu, wina akufunsa mwini wa chivundikiro cha mgolo chimene wachipeza m'kabichi wake, wina akutola magalasi a greenhouse, kanyumba kagalasi kolereramo mbewu.

Anthu achikulire ali ndi muyezo wawo wa kuzizira, ndipo muyezowo ndi chaka cha 1963. Bambo aja anali mwana wa sukulu nthawi imeneyo, ndipo aliyense akadandaula za chipale chofewa cha masiku awiri, amamukumbutsa kuti chaka chimenecho chinayamba kugwa tsiku lotsatira Khirisimasi ya 1962 n'kukhala pansi mpaka kumayambiriro kwa Malichi, moti nyanja inaundana m'mphepete mwa Kent, kum'mwera chakum'mawa kwa England. Amati ndiwo zamasamba zinasowa chifukwa ngakhale fosholo sinkalowa m'dothi. Ocheperapo msinkhu amatchula Disembala 2010, ndipo ife obwera posachedwa tili ndi kumapeto kwa Febuluwale 2018, pamene mphepo imene manyuzipepala anaitcha Beast from the East, kutanthauza chilombo chochokera kum'mawa, inafika nthawi imene ambiri tinkaganiza kuti zoopsa zadutsa ndipo mitengo ina itayamba kale kutupa maso. Kuzizira kopambana konse kumene kunayezedwapo m'dziko lino ndi madigiri 27.2 pansi pa ziro, ku Braemar mu 1895 ndi mu 1982, komanso ku Altnaharra mu 1995, malo onse awiri ali ku Scotland. Nkhani zimenezi poyamba ndinkazimva ngati kudzitama kwa okalamba, koma ndinazindikira kuti zimakambidwa kwambiri mu Febuluwale, panthawi imene wina wayamba kukamba zofesa msanga.

Chiyeso chofesa msanga ndi chachikulu, ndipo ine ndagwamo kangapo. Mabuku a makampani ogulitsa mbewu amafika m'nyumba mu Disembala ndi Januwale, ali ndi zithunzi za tomato wofiira ndi maungu aakulu, panthawi imene munthu watopa ndi mdima, ndipo pakabwera masiku atatu a dzuwa mu Febuluwale manja amayamba kuyabwa. Chaka china ndinafesa tomato pa windo kumapeto kwa Januwale. Anamera bwino, koma chifukwa kuwala kunali kochepa anatalika ngati ulusi, otumbululuka, ndipo ndinayenera kuwasunga m'nyumba kwa miyezi inayi, popeza kuno ku Yorkshire, chigawo chimene muli mzinda wa Leeds, chisanu chomaliza chikhoza kugwa ngakhale pakati pa Meyi, ndipo anthu osamala satulutsa tomato, maungu kapena nyemba zoyanga mwezi umenewo usanathe. Tomato amene mayi wa kumtunda anafesa mu Malichi anapitirira wanga pofika Juni. Pa pulogalamu yoyankha mafunso a zamadimba ya Gardeners' Question Time, imene yakhala ikuulutsidwa pa wailesi ya BBC kuyambira mu 1947, langizo lakuti musathamange limabwerezedwa chaka chilichonse, zimene zikusonyeza kuti si ine ndekha amene sindimva.

Ntchito zenizeni za miyezi ino ndi zochepa ndipo sizifuna changu. Mitengo ya maapozi ndi mapeyala a kuno timaidulira panopa, pamene masamba agwa ndipo nthambi zonse zikuoneka, koma ya plum ndi cherry timaisiya mpaka chilimwe chifukwa kuidula m'nyengo yonyowa kumalowetsa matenda a silver leaf pa bala. Mitengo yatsopano ya zipatso imagulitsidwa motchipa yopanda dothi ku mizu kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo imabzalidwa tsiku lililonse limene dothi silinaundane kapena kudzaza madzi, tsiku limene chaka chino ndalidikira kwa masabata atatu, mtengo wanga uli m'ndowa ya kompositi kuseri kwa shedi. Mu Febuluwale tidzayala mbewu ya mbatatesi m'mathireyi a mazira pa windo kuti iphuke timaso tifupitifupi tisanaibzale. Masamba a mitengo amene ndinawasesa mu Novembala ali m'matumba akuda obowola, kumene adzawola pang'onopang'ono kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Mulu wa zinyalala wa pakona sindiukhudza mpaka Epulo, chifukwa akanungu amagona m'malo otero nyengo yonse yachisanu, ndipo kanungu ndi mmodzi mwa anzanga ochepa pa nkhondo yolimbana ndi nkhono.

Mnzanga wina ndi kambalame ka chifuwa chofiira kamene amakatcha robin, kamene kamaimba ngakhale mu Disembala pamene mbalame zina zili chete. Ndikangotenga foloko kamatera pafupi, nthawi zina pa chigwiriro cha wilibala, kudikira kuti nditembenuze dothi kaone nyongolotsi. Kumapeto kwa mwezi uno kuli mwambo umene bungwe loteteza mbalame la RSPB lakhala likuchititsa kuyambira mu 1979, wakuti anthu akhale ola limodzi akuwerenga mbalame zimene zatera m'dimba mwawo n'kutumiza chiwerengerocho, ndipo ine ndidzakhala m'shedi ndi fulasiki ya tiyi, ngakhale ndikudziwa kale kuti zambiri zidzakhala nkhunda zomwe zija zimene zimandidyera kabichi.

Loweruka lija, tisanabalalike, mayi wa kumtunda anatiitana kuti tikaone pansi pa mtengo wake wa apozi, pamene timaluwa toyera ta snowdrop tinali titaboola dothi, tina titaweramitsa kale mitu. Timaluwa timeneti tili ndi anthu amene amatikonda mopitirira, moti pali mitundu ina yosowa imene anyezi wake mmodzi anagulitsidwapo pa mtengo woposa mapaundi 1,000, koma ta mayiyo ndi ta wamba, timene anatipeza pamalopo pamene ankalandira munda. Ine ndinanena kuti basi, nyengo yachisanu yayamba kutha, ndipo ndinawonjezera kuti madzulo ayamba kutalika, popeza tsopano 4 koloko imakwana kukuwalabe. Bambo aja anavomera kuti madzulo atalikadi. Kenako anakweza kolala ya jekete lawo, anayang'ana mbali imene utsi wa nyumba za tsidya lina unkalowera, n'kunena kuti mphepo yayamba kuchokera kum'mawa ndipo mitambo ikuoneka kuti ichoka dzuwa lisanalowe. Ndinatsikira kumunda kwanga, ndinatulutsa fleece m'shedi, ndipo ndinafunditsa mzere wa nyemba zazikulu zimene ndinafesa mu Novembala, n'kupanikiza m'mphepete mwake ndi njerwa zinayi.